Kamphaka kamene kanaimitsa malata kwa Kalembo

Pa tizithunzi tonse timene achinyamata amakometsera mameseji awo pa WhatsApp ndi pa Facebook, pali kamodzi kamene akuluakulu sakalabadira chifukwa kamaoneka kachibwana. Ndi kankhope ka mphaka, makutu ali chilili, pakamwa patapotokera mbali imodzi: 😼. Mufunseni mnyamata wa pa Ulongwe kuti kamatanthauza chiyani, akuyankhani kuti n'zocheza basi. Mukafunsa kachiwiri, angoseka n'kubweza foni m'thumba.

Sikuti akukubisirani dala. Kamphakaka kalibe tanthauzo limodzi. Wina amakatumiza atachita kaukathyali n'kupulumuka, monga kudya nsomba imene anasungira mkulu wake. Wina amakatumiza ponyadira kuti timu yake yachinya timu ya mnzake. Wina amagemulira nako munthu amene palibe. Koma ambiri amakatumiza pokopa, pamene mawu amene alemba ali ndi nkhani ina m'kati. Kali ndi mnzake, kankhope ka munthu kopotoza pakamwa chimodzimodzi, 😏, koma ako kanatchuka kale pa zachikondi moti wotumiza sangakane bwinobwino. Ka mphaka n'kofewerapo. Mnyamata akakatumiza kwa mtsikana, amadikira. Mtsikana akayankha mokondwa, ndiye kuti kanali kokopa. Akakalipa, mnyamata amati, "Aa, iwenso, mphaka yemweyo? Ndimangocheza ine." Ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo: kunena chinthu uku ukusunga pothawira.

Tizithunziti, timene amati emoji, tinachokera ku Japan. Mu 1999 Shigetaka Kurita, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo, anajambula tizithunzi 176 toti anthu aziika m'mauthenga afupiafupi. Makampani ena a komweko anapanganso tawo, ndipo tinkhope ta amphaka tinabwera ndi kampani ya KDDI. Mu Okutobala 2010 bungwe la Unicode, limene limagwirizanitsa zilembo za m'makompyuta ndi m'mafoni pa dziko lonse, linalowetsa mazana a tizithunziti m'kaundula wake. M'gululo munali amphaka 9: woseka, wolira, wokwiya, wa mitima m'maso, wathu wopotoza pakamwayu, ndi ena. Bungweli limangopereka nambala ndi dzina. Kajambulidwe limasiyira makampani, n'chifukwa chake mphaka wa pa iPhone safanana nkhope ndi wa pa Samsung, ndipo mukamutumiza pa meseji wamba ku foni ya mabatani, nthawi zina amafika ali kabokosi kopanda kanthu. Tanthauzo ndiye palibe amene analilemba. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Minnesota ku America anapeza kuti anthu oonetsedwa kachithunzi kamodzimodzi ankasiyana maganizo pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi alionse, wina akuti nkhopeyi ikukondwa, wina akuti ayi. Awo anali anthu a dziko limodzi, owerenga chinenero chimodzi. Nanga kwa Kalembo, kumene mdzukulu ndi agogo ake amayang'ana foni imodzi?

Dera la Mfumu Kalembo lili m'boma la Balaka, limene mpaka 1998 linali mbali ya Machinga. Msewu wa M3 wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi umadutsa pa Ulongwe, ndipo chakum'mawa kuli Shire. Anthu amalima chimanga, thonje ndi nandolo pa nthaka imene mvula imaibera chaka ndi chaka. N'chifukwa chake nyumba zambiri zili ndi mwana kapena mkamwini ku Joni, ndipo khomo limene mukuona malata onyezimira, kawirikawiri ndalama yake inadzera pa Mukuru. Foni yaikulu ya pakhomo imakhala kuti inachokeranso komweko. Mwini wake ndi mmodzi pa dzina, koma oigwira ndi ambiri: mlamu amabwereka kuti alankhule ndi mchimwene wake, mwana amaonerapo mafilimu, ndipo pena imagona kwa wotchajitsa mafoni.

Nkhani ndikufotokozayi ndaiumba kuchokera ku zimene zimachitika m'makomo otere, choncho musavutike kufunafuna eni ake.

Panali mayi wachitsikana wa ana awiri. Mwamuna wake ankagwira ntchito m'sitolo ku Fordsburg, mu mzinda wa Johannesburg, ndipo anali atamanga nyumba ya njerwa zootcha kuchikamwini, itafika pofolera. Malata theka anali atagulidwa kale, ataunjikidwa m'nyumba ya apongozi. Mayiyu anali ndi msuweni wake, mwana wa amalume ake, mnyamata wakabaza wa njinga yamoto pa Ulongwe. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo monga mwa chisuweni, ankanyozana ndi kutchulana "mkazi wanga", "mwamuna wanga" pamaso pa aliyense, ngakhale pamaso pa mwini banja asanapite ku Joni. Palibe amene ankadandaula. Chisuweni n'chakale kuposa foni, ndipo chili ndi malamulo ake: chimachitikira poyera, anthu akumva, ndipo kuseka kwa omvera ndiko kumatsimikiza kuti m'mawumo mulibe kanthu.

Tsiku lina la msika, mnyamatayu anamupeza msuweni wake atasenza thumba la ufa, dzuwa likuswa mtengo. Anamukweza mpaka kunyumba osamulipiritsa. M'njira anamuchonderera za mtsikana wina wogulitsa tomato, mnzake wa mayiyu, kuti amupatse nambala yake kapena akamunenereko zabwino. Mayiyu anaseka n'kumuuza kuti aona.

Madzulo mayiyu analemba pa WhatsApp: "Wandithandiza asuweni, ndikanapsa ndi dzuwa lija. Ndikulipire chani?"

Mnyamata anayankha: "Ukudziwa kale 😼"

Mayiyu anati: "Choka iwe 😂 tionana mawa."

Basi, mameseji atatu. M'mawa mwake kunabwera mlamu wake, mchemwali wa mwamuna uja, yemwe foni yake inali ya mabatani.

"Alamu, mundibwerekeko foni ndilankhule ndi achimwene, amayi sakupeza bwino."

"Tengani alamu, bandulo ilimo."

Potsegula WhatsApp, meseji ya pamwamba inali ya msuweni. Mlamu anawerenga, anajambula sikirinishoti, anaitumiza kwa mchimwene wake kuchokera pa foni yomweyo, kenako n'kufufuta kumbali yake. Pobweza foni anathokoza mwaulemu, n'kufunsanso za ana.

Taganizirani amene analandira chithunzicho. Munthu ali kutali, amagona chipinda chimodzi ndi anzake anayi, amayenda akuyang'ana kumbuyo kuopa apolisi ofunsa mapepala, podziwa kuti akagwidwa akathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Amakumbukira 2008 ndi 2015, pamene alendo ankamenyedwa ku South Africa mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Zonsezi amapirira chifukwa cha nyumba ija. Ndipo anzake a m'chipindamo, aliyense ali ndi nkhani ya wina amene anatumiza ndalama zaka zitatu n'kukapeza mwana wosakhala wake. Munthu wotere simungamuuze kuti mphaka ndi mphaka chabe. Iye emoji ankaidziwa bwino, chifukwa nayenso ankaigwiritsa ntchito, ndipo ankadziwa nthawi imene iye mwini amatumiza kamphakako. Anaonetsa anzake. Onse anagwedeza mitu. Kwa mkazi wake analemba liwu limodzi: "Ndaona."

Mwezi umenewo ndalama sinabwere. Wotsatira chimodzimodzi. Inali Januwale, nthawi imene nkhokwe zambiri za ku Balaka zimakhala zitayera ndipo chimanga cha pa msika chili pa mtengo wokwera. Mayiyu anaimba, foni sinayankhidwe. Anatumiza mavoisi noti akulira, anangoona timizere tiwiri tabuluu. Pamapeto pake nkhani inafika kwa ankhoswe.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amalume aakulu a mayiyu. Mwini dandaulo anali pa foni, atamuika pa sipika. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wachikulire wa chipewa choyera, inalandira foni, inaitalikitsa ndi maso, n'kuyang'anitsitsa.

"Mawuwa ndawamva. Koma chilombochi n'chiyani?"

"Ndi mphaka, amalume."

"Mphaka. Chabwino. Tiyeni tifunsane, mphaka amayenda nthawi yanji? Usiku. Amalowera kuti? Pazenera. Amadya za yani? Ndiwo zimene mwini wake wavundikira. Ndiye mnyamata akutumiza mphaka kwa mkazi wa mwini, mwini ali kutali, mukufuna ine ndimve chiyani?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Agogo a mayiyu, amene anali chete pa mkeka, anamva zina. Kwa iwo mphaka wotumizidwa usiku kwa munthu si nkhani ya chibwenzi. Anafunsa ndi mawu onjenjemera ngati mnyamatayo akuphunzira zoipa, ndi kuti ndani akumuphunzitsa. Zinatengera amalume kuwakhazika mtima pansi, chifukwa mawu otere akangotuluka pabwalo sabwerera, ndipo tikudziwa zimene zachitikira okalamba ndi ana m'midzi yathu chifukwa chongoganiziridwa ufiti.

Anaitana mwana wa Fomu 3 kuti amasulire.

"Iwe mwana wasukulu, tatiuza. Mphaka ameneyu akuti chiyani?"

"Zimatengera, agogo."

"Zimatengera chiyani?"

"Amene watumiza ndi amene walandira."

Panali kuseka, koma mwanayo ananena zoona kuposa onse. Mnyamata wakabaza anafotokoza za mtsikana wa tomato. Anamufunsa umboni. Panalibe, chifukwa nkhaniyo inakambidwa pakamwa, njinga ikuthamanga. Chimene chinalembedwa ndi "ukudziwa kale", mphaka, ndi "tionana mawa". Mayiyu analumbira kuti mawa ankanenalo linali la ku maliro a m'mudzi woyandikana nawo, kumene onse anayenera kupita. Mwamuna pa foni anayamba kufunsa chifukwa chake mkazi wake anayankha ndi kuseka m'malo mokalipa, koma asanamalize, bandulo inatha. Anthu anakhala kudikira mwana amene anathamangira kukagula mayunitsi.

Pano ndinene maganizo anga, ndipo ena sawakonda. Mayiyu analibe mlandu. Mlamu analakwa kuwerenga za eni ndi kutumiza mameseji atatu osafunsa. Koma mnyamata uja sindingamuyeretse. Akanafuna nambala ya mtsikana wa tomato yokha, akanalemba kuti "nambala ija". Ndi mawu awiri, afupi kuposa amene analemba. Anasankha mawu a mbali ziwiri, n'kuwonjezera kachithunzi ka mbali ziwiri, chifukwa kusewera m'mphepete kumakoma, ndipo mwina penapake mumtima ankafuna kuona kuti msuweni wake ayankha bwanji. Mwina iye mwini sakanatha kunena kuti ankatanthauza chiti. Ambiri otumiza kamphakaka ali choncho: amaponya mbedza m'madzi, nsomba ikadya n'chabwino, ikapanda kudya amati amangotsuka chingwe. Chimene anaiwala n'chakuti pothawira pamene ankadzisungira panali pa iye yekha. Mkazi wa mwini analibe pothawira.

Ndiponso chisuweni cha pa foni si chisuweni cha pabwalo. Pabwalo pali mboni, pali kamvekedwe ka mawu, pali nkhope, pali azakhali amene amakudzudzula ukapitirira. Pa foni pamatsala zilembo zokha, ndipo zilembozo zikhoza kudulidwa, kujambulidwa ndi kuwoloka malire a mayiko atatu pa sekondi imodzi. Wowerenga wachitatu samva kuseka kumene kunalipo. Amadzaza malowo ndi mantha ake.

Musaganize kuti ndi ankhoswe a kumudzi okha amene amatenga tizithunzi ngati mawu. Mu 2023 khoti la ku Saskatchewan m'dziko la Canada linaweruza mlandu wa mlimi wina amene wogula mbewu anamutumizira chithunzi cha pangano pa foni. Mlimiyo anayankha ndi kachala kachikulu koloza m'mwamba, 👍. Mitengo itakwera sanapereke mbewuyo, ndipo ananena kuti kachalako kankangotanthauza kuti walandira meseji. Woweruza, Timothy Keene, anaona mmene awiriwo ankachitira malonda m'mbuyomo n'kugamula kuti kachalako kanali siginecha. Mlimiyo analamulidwa kulipira madola a ku Canada oposa 82,000. Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola mauthenga a pa foni kukhala umboni kukhoti, ndipo limaika pa mndandanda wa milandu kuzunza munthu, kumusowetsa mtendere kapena kumulondalonda kudzera pa zipangizo zimenezi. Woweruza sadzafunsa tanthauzo la mphaka mu kaundula wa Unicode. Adzayang'ana amene watumiza, amene walandira, nthawi yake, ndi mawu oyandikana naye, monga ananenera mwana wa Fomu 3 uja.

Pali mbali ina yoipa kwambiri ya nkhaniyi, imene makolo ayenera kuidziwa. Kufewa komweko kumene kumakopa achinyamata kumathandizanso akuluakulu a zolinga zoipa. Bambo wamkulu sayamba ndi mawu oonekera kwa mtsikana wa sukulu. Amayamba ndi "wadya?", kenako mayunitsi, kenako ka ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako "udzandibwezera bwanji 😼". Mayi akaona foni, amaona mphaka wa chibwana. Mwana akadandaula, bamboyo amati mwanayo ndiye ali ndi maganizo oipa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo munthu wamkulu alibe chocheza cha mtundu umenewo ndi mwana. Meseji yotere musaifufute. Isungeni, muonetse amayi a mother group a pasukulu kapena a Victim Support Unit kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane imene bungwe la YONECO la ku Zomba limayendetsa.

Tibwerere pansi pa mango. Mayunitsi atabwera, amalume aakulu analankhula. Iwo anali pa mpanipani, chifukwa wodandauliridwa mmodzi anali mwana wa mchemwali wawo, winayo mwana wa mng'ono wawo.

"Khoswe akakhala pa mkhate sapheka," anatero. "Onsewa ndi ana anga. Chigololo sitinachipeze, ndipo palibe amene wabweretsa umboni wake. Koma iwe mnyamata, walemba mawu opanda ulemu kwa mkazi wa mwini. Upepese alamu akowa, ndipo upereke nkhuku ziwiri kwa ankhoswe. Iwe mwana wanga, nambala ya msuweni wakoyu uichotse lero, tikuona. Inu achimwene muli ku Joni, ana anu akugona ndi njala pa nkhani ya chithunzi. Tumizani chakudya."

Mnyamata anagwada n'kupepesa kwa foni imene inali m'manja mwa nkhoswe. Mwamuna anati wamva. Sananene kuti wakhululuka, ndipo palibe anamukakamiza.

Ndalama inayambanso kubwera, koma yochepa, ndipo tsopano inkadzera kwa mlamu uja, amene ankagula yekha ufa ndi sopo n'kukatula. Mayiyu, amene kale ankasunga ndalama ya nyumba ndi kukambirana yekha ndi amisiri, anayamba kupempha ngakhale ya mchere. Za kufolera mwamuna anati zidikire adzabwere adzaone yekha, ndipo pa Disembala sanabwere. Mvula ya chaka chimenecho inagwera m'zipupa zosafolera, khoma limodzi n'kung'aluka.

Mtsikana wa tomato anamva nkhani yonse pa msika, kuphatikizapo kuti dzina lake linatchulidwa pabwalo, ndipo mnyamata uja atamupatsa moni anayang'ana kumbali. Koma chimene chinamupweteka kwambiri wakabazayo ndi cha m'thumba. Makasitomala ake odalirika anali akazi a amuna a ku Joni, amene amapita pa Ulongwe kukatenga ndalama kumapeto kwa mwezi n'kubwerera ndi katundu wolemera, olipira bwino osanenerera. Amuna awo anali atauzana kale m'magulu awo a WhatsApp, ndi sikirinishoti yomwe ija, kuti pali njinga ina yosayenera kukwera. Amayiwo akafika pa siteji ankamulambalala n'kukwera ya mnzake, ena akumunong'oneza kuti asawadandaule, alibe naye chifukwa. Njingayo inali ya bwana, ya ndalama ya tsiku ndi tsiku. Atalephera kukwanitsa kwa milungu ingapo, mwini wake anaitenga n'kupatsa wina.